Manja m'Chitenje Tsiku la Mpira

Mukafuna kuwadziwa Mayi Evelina Harawa a ku Lawrence, mphepete mwa mzinda wa Indianapolis ku America, yang'anani manja awo. Nkhope ayi, nkhope ndi ya mayi wina aliyense wa kwathu amene wakhala ku Indianapolis zaka pafupifupi makumi awiri osagonapo tulo tokwanira. Koma manjawo, abale! Mfundo zotupa, zikhatho zouma gwa ndi sopo wa kuntchito, zikhadabo zowengedwa mpaka pamnofu kuti zisakande nkhalamba. Amagwira ntchito kunyumba yosungirako okalamba, kum'mawa kwa mzindawu. Kusambitsa, kutembenuza, kudyetsa ndi supuni, kusintha matewera a anthu amene anali mabwana m'masiku awo. Ena amawathokoza, ena amawalavulira, ena amawaitana dzina la mwana wawo amene sabwera kudzawaona. Manja amenewa atseka maso a anthu achilendo ochuluka moti eni ake anasiya kuwerenga.

Ndiye tamverani zodabwitsa. Manja ogwira aliyensewa anali ndi munthu mmodzi amene sankamukhudza: mwana wawo wamwamuna, Chikumbusko, likakhala tsiku la mpira. Masiku ena onse ankamukoka makutu, kumudzoza mafuta kumaso ngakhale atamera ndevu. Koma tsiku la mpira, ngakhale kapu ya tiyi ankayiika patebulo kuti atenge yekha.

Zinayambira ku Lilongwe, Evelina ali mtsikana wongokwatiwa kumene. Mwamuna wake, Sosten, ankamenya mpira m'timu ya fakitale ina ya ku Kanengo, ndipo anali ndi liwiro loti akautenga anthu ankaimirira okha. Loweruka lina anaiwala jombo zake pansi pa bedi. Evelina, poti ukwati unali ukadali wotentha, anazinyamula n'kuthamanga nazo kumene minibasi ya timu inaima. Anamupatsa m'manja, ndipo ataona kaulusi paphewa pake anakachotsa n'kupasisita. Basi, zokhazo.

Mdala wina amene ankayenda ndi timuyo, wosunga kachikwama kamene aliyense ankakadziwa koma osakatchula, anakuwa ngati waponda moto.

"Mayi iwe! Wasukulutsa mankhwala! Mkazi sakhudza wosewera tsiku la mpira, sunalangidwe kodi?"

Masana omwewo, chigawo chachiwiri chitangoyamba, mwendo wa Sosten unathyoka pawiri. Sanamenyenso mpira moyo wake wonse.

Sosten sanamunenepo mkazi wake. Ankachita kuseka. "Chinandithyola ndi chimunthu chotchinga kumbuyo chija, cha miyendo ngati minsi, osati iwe," ankatero. Koma anzake a m'timu atabwera kuchipatala sanamupatse moni Evelina, ndipo apongozi atafika kuchokera ku Rumphi anangofunsa funso limodzi, loti jombozo zikanakhala pansi pa bedi pomwepo zikanaola kodi. Funso limenelo Evelina anakwera nalo ndege yobwera kuno. Sosten anatsimphina zaka zingapo m'nyumba zosungira katundu za kuno, kenako mtima unamuima Chikumbusko ali ndi zaka khumi, koma funsolo silinafe naye. Paja chikakuluma chakuda umaopa ndi khala lomwe.

Ndiye mwana yemweyo, atafika ku sekondale, n'kubwera ndi pepala loti amayi ake asaine. Mpira! Mpira wakenso si wathu uja womenya ndi phazi, koma uwu wa kuno, wothawa nawo m'khwapa ngati wakuba nkhuku, anyamata atavala zisoti n'kumagundana mitu ngati atonde. Mayi Harawa anakana sabata ziwiri. Mwana sanalire, sanakangane nawo, anangosiya kudya bwino. Anasaina. Mwana akalira nyanga ya nsatsi msemere, imufotere yekha, anadziuza motero. Nyangayo sinafote. Mnyamata anakhoza mayeso n'kutengedwa kuyunivesite yaikulu ija ya ku South Bend kukaphunzira uinjiniya, ndipo chaka choyamba chomwe anakadzipereka yekha kutimu, n'kumulandira.

Kumeneko kuli mwambo wake. Kukakhala masewero a pakhomo, patatsala maola awiri kuti mpira uyambe, mabasi a timu amaima chapatali, osewera n'kutsika atavala masuti. Amayenda wapansi pakati pa chinamtindi cha anthu mpaka pachipata cha bwalo, zingwe zitamangidwa uku ndi uku. Makolo amaima kutsogolo, pachingwe penipeni, ndipo mwana akafika pamene pali amayi ake amaima n'kuwakumbatira. Lachinayi lililonse la sabata yotero foni inkalira.

"Mami, mubwera?"

"Ndili pa shifiti, mwanawe."

"Okay."

Sankanama, analidi pa shifiti. Chimene sankanena n'chakuti shifiti ya Loweruka ankachita kuipempha okha. Anzawo a kuntchito ankawakonda nazo. Tusekele, mtsikana wa ku Karonga amene ankagwira naye mbali imodzi, ankati, "Amama, inu ndinu mngelo, Loweruka lonse kutisenzera ife." Mngelo wanji? Ankathawa chingwe. Ndipo umboni anali nawo woti kuthawako kukugwira ntchito: zaka zinayi zathunthu, anzake akuthyoka mawondo ndi mapewa, Chikumbusko ngakhale kachilonda. Mpirawo sankauonera ngakhale pa TV, mtima sunkawalola. Lamlungu ankangofunsa kuti, "Uli bwino? Miyendo?" Iye n'kuti zonse zili bwino. Mayi Harawa ankayang'ana manja awo n'kuwathokoza chamumtima.

Sanauzepo munthu. Angauze ndani? Mayi wa Mvano wathunthu, woyambitsa nyimbo pamapemphero a Amalawi Lamlungu masana, n'kumakhulupirira za kachikwama ka mdala wa ku Kanengo? Manyazi ake akanalowa nawo pati? Choncho ankapemphera kwa Mulungu ndi pakamwa, manja atawabisa kumbuyo, kuti kaya chigwire n'chiti mwana apulumuke.

Novembala wa chaka chachinayi, foni inawapeza m'galimoto panja pa kuntchito, ataweruka masana, atavula nsapato kuti mapazi apume asanaponde mafuta. Chikumbusko anakulira kuno, Chichewa amamva chonse koma amayankha m'Chingerezi. Akayamba Chichewa ndiye kuti chamulemera.

"Amayi," anatero, mawu akutuluka limodzilimodzi ngati akuwerenga. "Loweruka ili ndi lomaliza. Bwerani, chonde. Sindidzapemphanso."

"Koma shifiti..."

"Ida wakonza kale."

Ida ndi mwana wawo woyamba, namwino pachipatala china cha m'tauni, ndipo ndi wa mutu wouma ngati bambo ake. Anali atapita mwamseri kwa Tusekele n'kusinthanitsa masiku. Mayi Harawa anakwiya, anamuimbira n'kumukalipira kuti ntchito ya munthu wamkulu saiseweretsa. Ida anangodikira kuti amalize, kenako anati, "Seveni koloko ndili pakhomo panu. Muvale zofunda."

Loweruka m'mawa anavala majuzi awiri ndi jekete, pamwamba pake n'kumanga chitenje. Anali atapangana ndi mtima wawo: apita, inde, koma akaima kumbuyo, mwana akawaone ndi maso basi. Galimoto inalowa mumsewu wa 31 wolowera kumpoto. Minda ya chimanga yokololedwa kale inangoti see uku ndi uku, kumwamba kuli mbuu. Msana unkawawa chifukwa dzulo lake ananyamula okha nkhalamba ina yolemera. Atadutsa tauni ya Kokomo anayamba kumuchenjeza Ida.

"Tikakafika usandikokere kutsogolo. Ine ndikaima kumbuyo."

"Kumbuyo akakuonani bwanji? Anthu amakhala masauzande, mami."

"Akandiona. Ndine wamfupi koma si nyerere."

"Chifukwa chiyani? Zaka zinayi zonsezi chifukwa chiyani? Mumadana nawo choncho mpirawu?"

Kaya ndi kutopa, kaya ndi chifukwa m'galimoto simuyang'anana kumaso, Mayi Harawa anangopezeka akunena. Ananena za jombo, za kaulusi, za mdala uja, za funso la apongozi. Anamaliza ndi umboni wawo, ndithu monyadira pang'ono. "Ndiye taona wekha. Zaka zinayi, mng'ono wako sanavulalepo. Ukuganiza ndi mwayi?"

Ida anayatsa indiketa, n'kukhotera pamalo ena omwetsera mafuta, n'kuzimitsa galimoto. Anagwira chiwongolero ndi manja onse awiri.

"Mami, muli siriyasi?"

"Usandiyankhule ngati mnzako."

"Pepani. Koma mami, Chiku sasewera."

"Sasewera bwanji? Nanga suti, nanga basi?"

"Sanalowepo. Olo kamodzi. Timu ija ili ndi anyamata oposa handiredi, m'bwalo amalowa leveni. Chiku ndi wa gulu lija lopraktisa nalo. Lolemba mpaka Lachinayi amavala ngati timu ya adani kuti akuluakulu aja aziphunzirira pa iye kugwetsa munthu. Loweruka amavala yunifolomu n'kuima pambali mpaka mpira kutha."

Ida anapitiriza.

"Ndipo zoti sanavulalepo, ndani anakuuzani? Chala ichi chinathyoka chaka chachiwiri. Nthiti ziwiri chaka chatha, ndinachita kupita ine kukamuona. Anati ndisakuuzeni, mungamusiyitse. Chalacho chinathyoka Lachiwiri, mami. Lachiwiri! Munamukhudza ndinu Lachiwiri limenelo?"

"Nanga amavutikiranji choncho, ngati sasewera?"

"Ulendo wa pachingwe uja. Ndi pokhapo pamene iye ndi akatswiri aja amafanana. Suti yofanana, anthu omwewo akuwakuwira. Anzake onse amaima kwa amayi awo. Ine ndimabwera ndikapeza mpata, koma ine si inu. Amandipatsa moni akuyang'ana kumbuyo kwanga."

 Zaka zinayi za Loweruka! Misana ya nkhalamba, matewera, mapazi otupa, zonsezo akuti akutchinjiriza mwana, chonsecho mwanayo amangoima pambali atanyamula chisoti. Mayi Harawa anachita manyazi, anachitanso ukali, osadziwa woti amukwiyire. Kenako kamtima kena kanati phee: ngati sasewera, ndiye kuti palibe choopsa.

Ida analiza galimoto, n'kuwonjeza mawu amene akanatha kuwasunga.

"Koma lero mwina alowa. Pa masewero omaliza, timu ikatsogola ndi zigoli zambiri, kochi amalowetsa a chaka chomaliza amene sanalowepo, olo miniti imodzi. Wakhala akudikira zimenezo."

Mayo ine! Ndiye kuti tsiku lokhalo limene abwera ndi tsiku lokhalonso limene mwana angalowe pakati pa atonde aja. Mayi Harawa anakoka nsonga ya chitenje, n'kukulungamo manja onse awiri pamimba, n'kumanga mfundo ndi mano. Ida anaona, n'kungoyendetsa galimoto mpaka ku South Bend.

Anapakinga kutali, pakapinga pa nyumba ya munthu wina amene tsiku la mpira amasandutsa bwalo lake malo oimika magalimoto. Kuchokera pamenepo unali ulendo wapansi, ndipo mphepo yake inali yolowa m'mafupa. Koma anthu, inu! Kuyambira m'mawa anali atatsegula kumbuyo kwa magalimoto, atakhoma matenti, akuotcha nyama ndi masoseji, utsi uli tolo. Nkhalamba za msinkhu wa zija amazisambitsa zinali zitapaka utoto kumaso. Ana ankaponyerana mpira pakati pa magalimoto, wina n'kuwagunda nawo pamwendo. Bambo wina wofiira ndi mowa anawapatsa mbale ya nyama osawadziwa n'komwe, ndipo iwo anangogwedeza mutu poti manja anali omanga. Anthu okhuta, anaganiza motero. Kudzuka m'mawa wonsewu kudzazizidwa dala, wina atawapatsa Loweruka laulere loti agone.

Pachingwe panali patadzaza kale. Ida anawagwira pachigongono n'kuwakankha pakati pa misana ya anthu, akupepesa uku ndi uku, mpaka pamtengo wina wa magetsi pamene iye amaima nthawi zonse. Za kuima kumbuyo zija zinathera pomwepo, chifukwa anthu anatseka m'mbuyo mwawo ndipo chingwe chinali chikuwakhudza pamimba. Pambali pawo panali mayi wina wachizungu wonenepa, atabaya pachifuwa chithunzi cha mwana wake, akudumphadumpha kuti afunde. Anafunsa Ida kuti awa ndi ndani, ndipo atamva anakuwa, "Amake Chiku! Mwabwera pomaliza!" N'kuwakumbatira ngati anakulira limodzi. Anati mnyamata ameneyo ndi waulemu, amamupatsa iye moni nthawi zonse poti amayi ake amakhala ali kuntchito. Mayi Harawa anamwetulira ndi mano okha.

Anadikira mpaka zala za kumapazi zinafa dzanzi. Kenako kunamveka masaireni. Njinga zamoto za apolisi zinatulukira pakona, magetsi akuphethira, m'mbuyo mwake mabasi akuluakulu akubwera pang'onopang'ono ngati a maliro a munthu wolemera. Gulu la zitoliro ndi ng'oma linayamba, ng'oma zake zomveka m'mimba. Atsikana ovala timasiketi m'chisanu chotere ankagwedeza zinthu zonyezimira, ana anakwera pamapewa a makolo awo, mafoni onse m'mwamba. Zitseko za mabasi zinatseguka, phokoso linachita ngati denga lagwa.

Anayamba kutsika. Zimphona, abale, makosi ngati mitondo, masuti akuchita kulira m'mapewa, ena atatseka makutu ndi zomvera nyimbo. Mayi Harawa anakumbukira mmene timu ya Sosten inkafikira pabwalo: mwakachetechete, osapatsa munthu moni, nthawi zina kudumpha mpanda kuopa zimene adani akwirira pachipata. Koma kuno! Anyamata akudutsa pakati penipeni pa akazi, ndipo akaziwo akuwagwira. Agogo, atsikana, aliyense akutambasula dzanja. Mayi wonenepa uja anamukoka mwana wake ndi tayi n'kumupsompsona masaya onse awiri, chimunthu chachikulu chija chikungoseka. Timu iyi iluza basi, anatero mumtima, mankhwala ake asukuluka kalekale. Koma mtima womwewo unawafunsa kuti nanga bwanji imadzaza bwalo chaka ndi chaka.

Akatswiri anadutsa, phokoso linayamba kutsika, anthu ena anayamba kutsitsa mafoni. Kumapeto kwenikweni kunkabwera anyamata ocheperako thupi, amene mayina awo palibe ankawakuwa. Chikumbusko anali pakati pawo, atavala tayi ya malemu bambo ake, ija yofiirira imene Mayi Harawa ankaganiza kuti inatayika posamuka. Ankagunda zikhatho za ana, akumwetulira bwinobwino. Atayandikira mtengo wa magetsi uja anaponya maso kumeneko mwachizolowezi, mmene munthu amasuzumira m'bokosi la makalata akudziwa kuti mulibe kanthu. Ndiye anaima, mnzake wa m'mbuyo n'kumugunda.

Anabwera pachingwe. Manja a Mayi Harawa anali chimangire m'chitenje. Anayembekeza kuti atambasula mikono ngati anzake, ndipo sankadziwa kuti akatero iwo achita chiyani. Koma Chikumbusko sanatambasule. Anayang'ana mfundo ya chitenje ija, n'kuika manja ake kumbuyo, n'kupinda mawondo pang'ono ngati mwana wolangidwa bwino.

"Zikomo pobwera, amayi," anatero. "Ndikudziwa simukonda."

Apa ndiye panawapweteka. Palibe anamuuzapo mwana ameneyu za mdala wa ku Kanengo. Anaphunzira yekha, kuyambira ku sekondale, pa kapu ya tiyi yoikidwa patebulo, kuti tsiku la mpira amayi safuna kukhudzidwa. Zaka zisanu ndi zitatu wakhala akuganiza kuti akumulanga chifukwa cha pepala lija anawasainitsa. Ndipo anali kuwathokoza!

Bambo wina wa jekete yachikasu, woyang'anira chingwe, anakodola kuti mzere uyende. Chikumbusko anamwetulira kwa Ida n'kutembenuka. Phazi limodzi, lachiwiri.

Mfundo inakana kumasuka. Anaimanga okha ndi mano, ndipo zala zinali zitauma ndi chisanu. Anakoka, anapotokola, kenako anangosolola dzanja lamanja mwamphamvu mpaka khungu linasupuka pamfundo ya chala, n'kudziponya pachingwe. Anamugwira jekete kumsana.

"Iwe! Bwera kuno!"

Manja onyamula nkhalamba si masewera. Mnyamata anabwerera chafutambuyo, n'kutembenuka maso ali tong'o. Anamugwira makutu onse awiri n'kumutsitsa mutu kufika pamsinkhu wawo. Anamuwongola tayi. Anatenga dzanja lake n'kufufuza chala chothyoka chija, n'kuchipeza chokhota, n'kumumenya kambama kakang'ono pamkono chifukwa chobisa. Kenako anayang'ana paphewa pake. Panalibe ulusi uliwonse, suti inali yoyera bwino, koma anapasisita, kawiri, katatu.

"Pita ukamenye mpira," anatero.

Chikumbusko anawakumbatira pamodzi ndi chingwe chomwe, mpaka mapazi awo anasiya pansi. Ankangopuma mwamphamvu pakhosi pawo. Wa jekete yachikasu anayang'ana kumbali. Chikumbusko atawatsitsa anathamangira anzake akupukuta kumaso ndi tayi ya bambo ake, ndipo Mayi Harawa anangomva nthungululu ikutuluka yokha pakamwa pawo, yakuthwa moti woimba chitoliro wina anacheuka.

Nthungululu itatha, mantha anabwerera onse. Anakwera masitepe a bwalo akupumira m'njira, n'kukhala pabenchi yozizira pamwamba penipeni. Za mpirawo musawafunse. Anthu ankagundana, kugwa mulu, kudzuka, kukambirana, n'kugundananso. Ida anawalozera nambala ya Chikumbusko pamzere wa oima pambali, ndipo maso awo sanachokenso pamenepo. Chigawo choyamba chonse ankapemphera pemphero limodzi: Ambuye, asalowe. Ndamukhudza, asalowe. Timu yawo ikagoletsa anthu n'kuimirira, iwo ankakhala pansi, poti chigoli chilichonse chinkamuyandikizitsa mwana kumoto.

Koma munthu ukayang'ana chinthu chimodzi maola awiri umayamba kuchiona. Anaona kuti chisoti sachiika pansi. Anaona kuti mnzake akatuluka m'bwalo, woyamba kumupatsa madzi ndi kumumenya pamsana ndi iye. Ndipo chigawo chomaliza chitayamba anaona china. Kochi akamayenda kulowera kumene iye ali, Chikumbusko ankavala chisoti msangamsanga, kumanga lamba wa pachibwano, n'kusendera kutsogolo phazi limodzi. Kochi ankadutsa. Iye ankavula, n'kubwerera pamalo pake. Kenako kochi abwerenso, iye avalenso.

Kaimidwe kameneko Mayi Harawa ankakadziwa bwino. Amakaona kuntchito akakhala pa shifiti ya Lamlungu, nkhalamba zikawapempha kuti azivalike malaya abwino ndi kuzipesa, n'kukhala pafupi ndi chitseko kudikira ana awo. Chitseko chikatseguka zimadzutsa mutu. Madzulo ndi iwo amene amazivula malayawo.

"Ida, atsogola ndi zingati?"

"Zochepa, mami. Sizikwana. Kochi sangaike ana a pabenchi pamene zinthu zili chonchi."

"Nthawi yatsala bwanji?"

"Maminitsi anayi."

Pemphero lija linali litasiya lokha, sanadziwe kuti liti. Kochi anadutsanso, mwana anavalanso chisoti. Mayi Harawa anapezeka ataimirira, msana wowawa uja ataiwala.

"Mulowetseni!"

Anthu a pabenchi ya kutsogolo anacheuka.

"Bambo inu a chipewa! Mulowetseni mwana wanga! Zaka zinayi mukumugwetsera pansi ngati thumba, miniti imodzi yokha ikukuvutani? Ndamukhudza ine, ndipo alowe! Akathyoka ndimusamala ndine, ndi ntchito yanga!"

"Mami, sangamve," anatero Ida, akuseka ndi misozi yomwe, koma naye anaimirira. Mayi Harawa anakuwa mpaka mawu anasasa, m'Chichewa chokhachokha, pakati pa anthu masauzande okuwa zawo. Anavula chitenje n'kumachikupiza m'mwamba ndi manja onse awiri. Wotchi yaikulu ija inkangotsika, osamva za munthu. Miniti imodzi. Masekondi khumi. Anthu onse anawerenga mokweza mpaka ziro, ng'oma zinalira, timu yawo inapambana.

Sanalowe.

Osewera anathamangira pakati pa bwalo, ena matope mpaka m'makutu. Yunifolomu ya Chikumbusko inali yoyera ngati yochokera m'sitolo. Anavula chisoti komaliza, n'kuyenda pang'onopang'ono m'mbuyo mwa anzake. Atafika pakati anatembenuka n'kuyamba kufufuza m'mwamba, benchi ndi benchi, mpaka anachiona chitenje. Sanakweze dzanja. Anangoika chikhatho paphewa pake, pamene anamusisita paja, n'kuchisiya pomwepo.

Mayi Harawa anakhala pansi. Dzuwa linali litapendeka, mphepo yawonjeza, ndipo mawa seveni koloko ankayenera kukhala pa shifiti yobweza ya Tusekele. Anayang'ana manja awo. Pamfundo ya chala panali kamagazi kouma.

"Ida," anatero ndi mawu osasa aja, ngakhale yankho ankalidziwa. "Ulendo wa pachingwe wina uliko liti?"

"Kulibe wina, mami."

Mayi Harawa anagwedeza mutu. Anapinda chitenje bwinobwino n'kuchiika pamwendo, manja n'kuwasiya pamwamba pake.

"Ndiye tiye tikamudikire pachipata," anatero. "Undigwire potsika, mawondo akana."